Ndani ankasankha nyimbo za ana athu? Mbiri ya kwaya ya pasukulu ku Moatize ndi ku Zóbuè



Mwezi wa Meyi ukafika pakati, mphunzitsi amene anamusiyira kwaya sagona tulo tabwino. Pa 1 Juni pali tsiku la ana, pa 25 Juni tsiku la ufulu, ndipo akulu a sukulu amafuna mndandanda wa nyimbo pasadakhale. Ndaona mindandanda yotere yambiri, yanga ndi ya anzanga, ndipo imafanana ngati ana a bere limodzi. Pamwamba pamakhala “Pátria Amada”, zomwe n'zoyenera. Kenako nyimbo ziwiri kapena zitatu za Chipwitikizi zolangiza ana kukonda sukulu ndi kusamba m'manja. Pansi penipeni pamalembedwa liwu limodzi lokha, “cultura”: atsikana amange zitenje, mnyamata mmodzi akabwereke ng'oma, aimbe ya Chinyanja kapena ya Chinyungwe alendo atayamba kale kusuzumira kumene kwaikidwa chakudya.

Palibe lamulo lero lotiuza kuti tizisanja choncho. Tinachita kutengera. Ndiye ndati tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione kuti cholembera cholembera mndandandawu chinali m'manja mwa yani tisanachigwire ife.

Boma la Moatize limamva ndi makutu awiri. M'tauni ya Moatize ndi midzi yoyandikana ndi Tete, chinenero cha pakhomo ndi Chinyungwe. Mukatsata msewu wa N7 makilomita pafupifupi 100, kukwera mapiri mpaka ku Zóbuè, mumapeza Chinyanja, ndipo Mwanza ya ku Malawi ili pongodutsa chipata. Nyimbo za m'sukulu zathu zakhala zikuyenda mumsewu umenewu, zina kukwera kuchokera ku Tete, ku Beira ndi ku Lourenço Marques, zina kutsika kuchokera ku Malawi.

Mu 1940 boma la Salazar linasainirana pangano ndi Vatican, ndipo mu 1941 linatulutsa lamulo lotchedwa Estatuto Missionário. Lamuloli linaika maphunziro a ana a anthu akuda, amene ankatchedwa ensino rudimentar, m'manja mwa mishoni za Katolika. Pa nkhani ya chinenero silinapite m'mbali: m'sukulu muziphunzitsidwa ndi kulankhulidwa Chipwitikizi, chinenero cha eni dziko chiloledwe pophunzitsa chipembedzo basi. Taonani mmene zimenezi zinagawira pakamwa pa mwana. M'kalasi ankaloweza “A Portuguesa”, nyimbo ya fuko la Portugal, yotamanda anthu a panyanja pomwe iye nyanjayo anali asanaionepo. Sukulu za nthawi ya Salazar zinali ndi phunziro lakelake la zimenezi, Canto Coral. Pa Misa wansembe ankaimba m'Chilatini. Chinenero cha amayi ake chinali ndi kachipinda kamodzi kokha, ka katekisimu, ndipo nyimbo za kubwalo, za pamtondo ndi za m'nthano zinkatsala kunja kwa mpanda pamodzi ndi mbuzi. Agogo amene anadutsa m'sukulu zimenezi amakumbukirabe mbalamatodya, kathabwa ka mabowo komenyera m'manja. Mukawafunsa bwino, ena amakuuzani kuti kutulutsa liwu la kumudzi m'kalasi kunali kokwanira kukaitana.

Ku Zóbuè nkhaniyi ili ndi nyumba yake. Mu 1946 ansembe a chipani cha Missionários de África, amene anthu ankawadziwa kuti Padres Brancos, anafika mu Mozambique ataitanidwa ndi episkopi woyamba wa Beira, Dom Sebastião Soares de Resende. Patangopita zaka zochepa, seminale yaing'ono ya dayosiziyo inatsegulidwa ku Zóbuè ndipo inali m'manja mwawo. Pa nthawiyo Tete inali pansi pa Beira. Dayosizi ya Tete inadzaima payokha mu 1962. Choncho anyamata amene ankagona m'nyumba imodzi ku Zóbuè anali ochokera kutali ndi kutali: Asena, Andau, Anyungwe, olankhula Chinyanja. Chowalumikiza poimba chinali Chilatini, polankhula Chipwitikizi. Monga zimakhalira m'seminale iliyonse yaing'ono, amene anafika pa unsembe anali ochepa. Ambiri anakakhala aphunzitsi, akatekisi ndi alembi, ndipo anapita kwawo atanyamula chithunzi cha kwaya “yeniyeni”: anthu aima m'mizere, manja kumbuyo, mapazi osagwedezeka, maso ali pa dzanja la munthu mmodzi. Sindikunyoza. Maphunziro amenewo anatipatsa anthu odziwa kuwerenga nyimbo ndi kupuma pamalo oyenera. Koma chithunzicho chilipobe m'mitu mwathu, n'chifukwa chake nyimbo yovina timaiona ngati yopumulirapo, osati ntchito yeniyeni ya kwaya.

Khutu lachiwiri linali kumva zina. Ku Nyasaland amishoni a ku Scotland anamanga Blantyre mu 1876, ndipo iwo ndi a mpingo wa Dutch Reformed ankaphunzitsa ana kuwerenga ndi kuimba m'Chinyanja. Anabweretsa kalembedwe ka nyimbo ka zilembo, d r m f s l t, kamene mphunzitsi amatha kulemba pa bolodi ndi choko popanda limba. A Dutch Reformed anayesa kulowa ku Angónia, anatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909, koma Apwitikizi anaitseka mu 1922. Mishoni inatsekedwa, nyimbo sizinatsekedwe. Anthu ankadutsa malire pothawa chibalo, pokagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, pokaona abale, ndipo m'thumba pobwera munkapezeka Buku Lopatulika kapena buku la Nyimbo za Mulungu. Kuimba kwa mawu anayi, sopulano, aluto, tenala ndi besi, kumene lero timakuyesa kwathu kobadwa nako, mbali yaikulu kunalowera njira imeneyi.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene mphunzitsi wa zinenero ziwiri ayenera kuchimva ndi khutu lake. Nyimbo zambiri za m'mabuku a mishoni zinali zomasulira: chuni cha ku Ulaya, mawu a Chinyanja. Koma Chinyanja chili ndi chuni chakechake chisanaimbidwe. Tchulani “mtengo” wa m'tchire, kenako “mtengo” wa pamsika. Zilembo n'zimodzimodzi, kukweza ndi kutsitsa mawu ndiko kumasiyanitsa. Chinanso, ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo. Nenani pang'onopang'ono kuti “ana apita kumunda” ndipo mumva kuti “mu” ndiye watalika, “nda” wangogwa mopepuka. Nyimbo zambiri za ku Ulaya zimathera pa noti yaitali ndi yolemera. M'Chipwitikizi zimenezi zimayenda bwino chifukwa pali mawu ambiri olemera kumapeto, monga amor ndi coração. M'Chinyanja noti yolemerayo imagwera pa phatikizo limene polankhula timalipeputsa, ndiye liwu limatuluka lopindika. Tinazolowera mpaka sitimvanso kupindikako, ndipo ena timakukonda chifukwa kumatikumbutsa amayi athu ali m'tchalitchi. Koma mwana wa kalasi yoyamba amene akuphunzira kuwerenga m'chinenero chake akamva liwu lotchulidwa mwina pakhomo, mwina m'kwaya, amayamba kuganiza kuti katchulidwe ka kusukulu ndiye kolondola. Choncho kungoona kuti mawu a nyimbo ndi a Chinyanja sikokwanira. Tiziwalankhula kaye mokweza, kenako tiwaimbe, timve ngati chuni chikuyenda ndi chinenero kapena chikulimbana nacho.

Mpingo wa Katolika womwe unadzasintha maganizo. Mu Disembala 1963 msonkhano waukulu wa Vatican II unavomereza kuti zinenero za anthu zilowe m'mapemphero ndi kuti nyimbo za mitundu ya anthu zipatsidwe malo ake. Pang'onopang'ono ng'oma, zisekese ndi kuomba m'manja zinalowa m'tchalitchi, ndipo opeka nyimbo anayamba kutsata kaimbidwe ka kumudzi, woyambitsa mmodzi, gulu n'kumavomera. M'kalasi ya boma lamulo la chinenero silinagwedezeke. Mu 1971 a Padres Brancos anachoka mu Mozambique onse pamodzi, kunena kuti sangapitirize kutumikira mu mpingo womangirizidwa ku boma la atsamunda.

Chaka cha 1968 chimandichititsa chidwi. M'chaka chimenechi FRELIMO inatsegula nkhondo ya ufulu m'chigawo cha Tete, ndipo m'chaka chomwecho chipani cha Malawi Congress Party chinagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha fuko. Mwana wa ku Mwanza ankaimba nyimbo ya fuko lake, yopekedwa ndi Michael Sauka, m'chinenero chomwecho chimene msuweni wake wa ku Zóbuè ankachiopa m'kalasi. Tisafulumire kusirira. Kumenekonso cholembera chinali m'manja mwa boma: magule a makolo anavekedwa mawu otamanda Kamuzu Banda, ndipo ana ndi amayi ankaimba atafuna asanafune.

Pa 25 Juni 1975 ufulu unabwera, ndipo pa 24 Julaye chaka chomwecho boma linatenga sukulu zonse, kuphatikizapo za mishoni. Mndandanda unasintha tsiku limodzi. “A Portuguesa” inachoka, m'malo mwake munalowa “Viva, Viva a FRELIMO” ya Justino Chemane, katswiri wa makwaya wa kummwera, imene inakhala nyimbo ya fuko mpaka 2002. Ana ankaimba m'mawa uliwonse nyimbo za nkhondo ya ufulu, za ulimi, za umodzi. Zina mwa izo zinali m'zinenero za m'dziko muno, moti mwana wa ku Tete ankatha kuimba mawu a Chichangana kapena Chimakonde asakudziwa tanthauzo lake, ndipo akulu ambiri mpaka lero amazikumbukira mokondwa. Koma Chipwitikizi chinasankhidwa kukhala chinenero cha umodzi wa fuko ndi chophunzitsira chokhacho, ndipo kukonda za mtundu wako poyera kunkakayikiridwa kuti n'kusankhana mitundu. Magule anakwezedwa pa nsanja, monga pa chikondwerero cha dziko lonse cha magule a anthu mu 1978, koma kawirikawiri atachotsedwa mawu ake akale n'kuvekedwa mawu a nthawiyo. Kwa ine mzere uja wa “cultura” unabadwira apa: nyimbo ya kwathu inalowa pabwalo la sukulu, koma inalowa ngati chionetsero cha tsiku la mwambo, osati ngati phunziro la Lachiwiri m'mawa.

Kenako nkhondo ya pachiweniweni. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo a m'boma lino ambiri anadutsira ku Mwanza ndi ku Neno, ena n'kukakhala pa msasa wa Luwani, ena kwa abale m'midzi. Sukulu zambiri za kumidzi kuno zinatsekedwa kapena kuwotchedwa. Mbadwo wathunthu unakulira kutsidya, ukumvera wailesi ya MBC, ukupemphera m'matchalitchi a kumeneko, ukusewera ndi ana a kumeneko pa mwezi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi mapoto, makasu ndi nyimbo. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene kwaya ya ku Zóbuè ikafuna nyimbo ya Chinyanja imayang'ana ku Malawi isanayang'ane kwa agogo a m'mudzi momwemo. Dzulo anali makaseti, lero ndi foni. Sindikuti n'zolakwika, chinenero n'chimodzi ndipo malire anaikidwa ndi ena. Komatu pali mawu ndi katchulidwe ka kuno kamene m'nyimbo za ku Blantyre ndi ku Lilongwe mulibe, ndipo mwana akapanda kukamva m'kwaya amayesa kuti Chinyanja chabwino chimachokera kutsidya, monga agogo ake ankayesera kuti nzeru zimachokera ku Lisboa. Ngakhale polemba pa bolodi pamafunika kusamala: mabuku athu a sukulu amalemba “c” pamene a ku Malawi amalemba “ch”, monga ndikuchitira ine pano, ndipo ana a kalasi yachiwiri amafunsa.

Chitseko cha kalasi chinatsegukira chinenero cha mwana mochedwa kwambiri. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa ntchito yotchedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'zinenero ziwiri, m'zigawo ziwiri zokha: Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja. Inde, chigawo chathu chinali m'gulu la oyamba. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'sukulu zosankhidwa m'dziko lonse, kuno kwathu ndi Chinyanja ndi Chinyungwe. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro a pulaimale imene inayamba mu 2004 inabwera ndi phunziro la Educação Musical ndiponso Currículo Local, magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira operekedwa ku zinthu za m'dera la sukuluyo. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zinenero za m'dziko muno ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Kunena mwachidule, kuchokera nthawi ya ensino rudimentar, aka n'koyamba kuti wosankha nyimbo akhale mphunzitsi pamodzi ndi makolo, kupatula nyimbo ya fuko. Ndipo ife, titapatsidwa cholemberacho, tikungokopera mndandanda wakale.

Kusankha n'kovuta, ndisakunamizeni. Yambani ndi tauni ya Moatize. Malasha akhala akukumbidwa kuno kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha mu 2011 anthu anasefukira kuchokera m'zigawo zonse, pomwe mabanja ena a kuno anali atasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. M'kalasi imodzi mumapezeka mwana wa Chinyungwe, wa Chinyanja, wa Chisena, wa Chindau, ndi wina amene pakhomo pake amalankhula Chipwitikizi chokha. Zili ngati seminale ya ku Zóbuè ija, ndipo yesero ndi lomwelo: kuthawira ku chinenero chimodzi kuti pasapezeke wodandaula. Koma nyimbo ndi malo okhawo m'sukulu pamene mwana amaphunzira chinenero cha mnzake mosavutika ndi mosachita manyazi. Mwana wolankhula Chinyungwe akamakonza katchulidwe ka mphunzitsi wake wolankhula Chinyanja, kalasi yonse imaseka, ndipo mwanayo tsiku limenelo amapita kwawo atatalika.

Vuto lina ndi la nyimbo zenizenizo. Sizonse za makolo zimene zili za ana. Nyimbo za pamtondo n'zokoma, koma zambiri ndi madandaulo a mayi pa mwamuna woledzera kapena pa mkazi mnzake, zokulungidwa m'zining'a. Za chinamwali zili ndi eni ake, anamkungwi, ndi nthawi yake. Ndinalakwitsapo pamenepa: chaka china ndinaphunzitsa ana kanyimbo kamene ndinkayesa kuti kakunena za ndiwo, ndipo pa tsiku la mwambo amayi a kumbuyo anagwira pakamwa n'kuwerama. Mmodzi anandikokera pambali pambuyo pake n'kundifunsa mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, kodi munafunsa?” Ndinali ndisanafunse.

Gule Wamkulu ndiye amafuna kuyenda mwa nyang'anyang'a koposa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo kuyambira pamenepo anthu ena a maphunziro amafuna kumuona pa mwambo uliwonse. Koma makolo a mipingo ina safuna kuti mwana wawo ayandikire, ndipo akudambwe nawonso safuna kuti zawo ziseweretsedwe ndi osameta. Mbali zonse ziwiri zili ndi chifukwa. Pali nyimbo zimene amayi amaimba poyera pabwalo, zimene mwana aliyense wa m'mudzi anazimvapo, ndipo pali zina zosatuluka. Wodziwa malire ake ndi a mfumu ndi akuluakulu a mudzi, osati mphunzitsi wobwera, osatinso kalata yochokera ku ofesi. Maganizo anga ndi akuti ngati makolo a sukulu sanagwirizane, tisiye. Nyimbo zina zilipo zambiri.

Zilipodi. Za m'nthano, zimene wosimba amayambitsa ana n'kumavomera, zinapekedwera ana enieniwo, ndipo chuni chake chimatsata chinenero chifukwa zinabadira momwemo. Zilipo zamasewera a pa mwezi, zotonthozera mwana, zopalasira ngalawa kwa a m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè. Kwa Anyungwe kuli nyanga, gule wa zitoliro za bango amene woimba aliyense amaliza mawu ake ochepa n'kuwalowetsa pakati pa a anzake, uku akuimba pakamwa ndi kuvina. Andrew Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, analemba za guleyu mu 1971, ndipo ophunzira nyimbo m'maiko akutali amamuwerenga. Ngati mukufuna kuphunzitsa ana kumverana, kuti aliyense asunge mbali yake osasokonezedwa ndi woyandikana naye, nyanga imaphunzitsa zomwezo zimene mawu anayi a m'buku amaphunzitsa, mwinanso kuposa. Ndipo nyimbo yatsopano siyoletsedwa. Ana a kalasi yachisanu atha kupeka mawu onena za fumbi la malasha pa zovala zoyanikidwa, kapena za malole oima pa mzere pa chipata cha Zóbuè, mphunzitsi n'kuwathandiza kupeza chuni powalankhulitsa mawuwo mobwerezabwereza mpaka chuni chitatuluka chokha.

Chipwitikizi sindikuchithamangitsa m'kwaya. Ana athu adzalemba mayeso ndi kufunsira ntchito m'chinenero chimenecho, ndipo nyimbo ndi njira yabwino yochiphunzirira. Chimene ndasintha chaka chino ndi kasanjidwe ndi nthawi yokonzekera. Ikatha “Pátria Amada”, ana aimba nyimbo ya m'nthano ya Chinyanja alendo adakali chikhalire, ndipo mawu ake tawalemba pa bolodi, tawawerenga, tawagawa m'maphatikizo monga timachitira ndi phunziro lina lililonse. Ya Chipwitikizi ibwera pachitatu. Pachinayi ndasiya mpata wa ya Chinyungwe, imene ine sindingaiphunzitse bwino. Agogo a mtsikana wina wa m'kwaya avomera kubwera Lachinayi masana akaweruka kudimba, koma ati ana asaime m'mizere, apange bwalo, ndipo ine ndikhale nawo m'bwalomo.